Masiku Anayi pa Phiri la Mulanje, Kugona Kanyumba ndi Kanyumba

(KANYIMBO KOTSEGULIRA, KENAKA KATSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

Moni kwa inu amene mwangoweruka kumene ndipo muli mu takisi yochokera ku Eastgate kulowera ku Germiston kapena ku Tembisa. Moni kwa inu amayi amene mukusita zovala za abwana wailesi ili pambali, ndi inu achimwene amene mukulondera pageti usiku uno. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya maphunziro. Lero tisiye kaye nkhani za mapepala ndi za kutumiza ndalama kumudzi. Lero tikwera phiri.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika m'nyumba ina konkuno ku Joni, ku Bedfordview. Mnzanga wina, mbadwa ya ku Phalombe, amasamala maluwa ndi kapinga panyumba pa mzungu wina wachikulire. Tsiku lina anamuitana kuti akathandize kusuntha kabati pabalaza. Pokweza maso anaona chithunzi chachikulu pakhoma: kanyumba ka denga la malata, utsi ukufuka pachumuni, kumbuyo kwake chimwala chotuwa chitaima njo mpaka m'mitambo. Mnzangayo anafunsa kuti, "Bwana, kumeneku ndi ku Ulaya?" Mkuluyo anaseka chikhakhali. Amvekere, "Iwe, kumeneku n'kwanu. Pa Chambe apa." Mnzangayo anabadwira m'tsinde mwa phirilo, anakula akumwa madzi ake, koma pamwamba pake sanapondepo. Pondifotokozera ankaseka, koma kusekako kunali kwa manyazi.

Ndipo sali yekha. Ambiri a ife phiri la Mulanje timalidziwa cha pansi. Timaliona tili pa minibasi mumsewu wa Midima, timaliona tili ku Chitakale tikugula nanazi, timaliona tili ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Amene anakwerako, ambiri anakwera atasenza katundu wa eni ake kapena akutsitsa matabwa. Pomwe anthu ochokera ku Germany, ku Japan ngakhale kuno ku South Africa amasunga ndalama chaka chathunthu kuti akagone masiku atatu kapena anayi pamwamba pa phiri lomwelo. Funso langa madzulo ano n'lakuti, kodi iwo amakaonako chiyani? Nanga ife chimatiletsa n'chiyani?

Mulanje si phiri limodzi losongoka ngati mmene ana amajambulira kusukulu. Ndi chimwala chimodzi chachikulu, chotambalala pafupifupi masikweya kilomita 650, chimene chinapangika pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Miyala yofewa imene inali m'mbali mwake inaperepeseka ndi mvula ndi mphepo, chouma chija n'kutsala chili chiimire. Mukakwera makoma ake mumapeza dziko lina pamwamba: madambo a udzu, timitsinje tozizira, timankhalango m'makwawa, ndi nsonga pafupifupi 20 zopitirira mamita 2,500. Yaitali kuposa zonse ndi Sapitwa, mamita 3,002. Boma linakhazikitsa malowa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili m'kaundula wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse. Kwathu malo otere alipo atatu tsopano, enawo ndi paki ya m'nyanja ku Cape Maclear ndi zojambula za m'mapanga ku Chongoni.

Tsono chimene chimapangitsa kuti ulendo wa masiku angapo utheke ndi tinyumba. Pamwamba ponsepo pali tinyumba pafupifupi khumi, tomangidwa motalikirana ulendo wa maola angapo pansi. Mayina ake mwina munawamvapo: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Madzeka, Sombani, kuphatikizapo kanyumba ka mpingo wa CCAP ku Lichenya ndi kena kotchedwa France's Cottage pafupi ndi Chambe. Anyamata a ku Likhubula amangoti mahati. Munthu amadzuka m'mawa pa kanyumba kena, n'kuyenda tsiku limenelo, n'kukagona pa kena. Simusenza tenti. Simutsika pansi madzulo alionse kuti mawa mukayambirenso mtunda. Mukangokwera kamodzi, masiku otsalawo mukuyenda pamwamba. Tinyumbati timayang'aniridwa ndi Dipatimenti ya za Nkhalango mothandizana ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust komanso kalabu ya okwera mapiri ya Mountain Club of Malawi, imene inayamba mu 1952.

(KANYIMBO PANG'ONO)

Tiyeni tinyamuke. Khomo lodziwika kwambiri ndi Likhubula, pa ofesi ya a zankhalango, mukapatuka pa Chitakale kulowera njira ya ku Phalombe. Pamenepo ndi pamene mumalembetsa dzina, kulipira za polowera ndi za pogona, ndiponso kupeza gaidi ndi onyamula katundu, amene kumeneko amawatcha mapotala. Mitengo yake mukafunse komweko, chifukwa mukudziwa mmene kwacha imasinthira.

Kuchoka pa Likhubula kupita ku Chambe pali njira ziwiri. Ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira. Dzinali inalitengera ku chingwe chachitsulo chimene kale ankatsetserekera matabwa kuchokera pamwamba. Ya Chapaluka ndi yozungulirako, imatsata mtsinje, ndipo imakufikitsani pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi amagwa kuchokera pathanthwe. Iliyonse imene mungasankhe, tsiku loyambali mukwera mamita pafupifupi 1,000 m'maola atatu, anayi, kapena asanu ngati muli ngati ine. Ndilo tsiku lowawa kuposa onse.

Ndiulule zanga. Ulendo wanga woyamba ndinapita ngati munthu wochokera ku Joni, wofuna kuti anthu aone. Ndinagula nsapato zatsopano zachikopa dzulo lake la ulendo, ndinadzaza chikwama ndi zakudya za m'zitini, ndipo gaidi atandiuza kuti nditenge potala ndinakana, ati ndine mwamuna. Ola loyamba ndinali patsogolo. Ola lachiwiri ndinali pambuyo. Pofika ola lachitatu chidendene chinali matuza okhaokha, akatumba akunjenjemera, malovu atauma gwa. Ndili chikhalire pamwala, anandipitirira bambo wina wa imvi, atavala masilipasi, thumba la ufa lili pamutu. Anandiyang'ana, nayang'ana nsapato zanga, n'kunena kuti, "Pepanitu achimwene, phiri silikwereka ndi ukali." Gaidi uja sanalankhule kanthu. Anangotsegula chikwama changa, n'kutulutsa zitini zisanu, n'kuziika m'chake.

Nsapato za kuphiri ndi zimene phazi lanu linazizolowera kale, zokhala ndi mano pansi. Mukagula zatsopano, muziyendere mwezi wathunthu musananyamuke. Ndipo mayendedwe a pamtunda ndi a nkhalamba yopita kumunda: mapazi afupiafupi, osathamanga, osaima nthawi yaitali, kumwa madzi musanamve ludzu.

Koma mukangotulukira pamwamba, zowawa zonse mumaziiwala. Mphepo imasintha, imakhala yozizira ndi yonunkhira udzu. Kumanzere kwanu kwaima Chambe, chimwala chimene khoma lake la kumadzulo ndi lalitali pafupifupi mamita 1,700, ndipo akatswiri okwera miyala ndi zingwe amabwera kuchokera kutali kudzaliyesa. Ife za zingwezo tiwasiyire eni ake. Ife tikufuna kanyumba.

Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa madzulo a pa kanyumba ndiwo mtima wa ulendo wonse. Mukamafika mumapeza mlonda wa pamalopo wakuonani kale muli patali. Amakulonjerani, n'kukutsegulirani chitseko. Mkati mulibe magetsi, mulibe wailesi ya kanema. Muli tebulo, mipando, ndi malo osonkhapo moto pakhoma. Chimbudzi ndi chokumba, chili panja poteropo. Mlondayo amabwera ndi nkhuni, amatunga madzi kumtsinje, ndipo mukamupempha bwino amakutenthetserani osamba m'ndowa. Mumavula nsapato, n'kukhala pakhonde, kapu ya tiyi wa ku Mulanje konko ili m'manja. Dzuwa likamalowa mitambo imakhala kumunsi kwanu, ngati thonje loyanika pabwalo. Kukada, pansi patali pamayamba kuphethira timagetsi ta m'matauni, ndipo kumwamba nyenyezi zimachuluka mwakuti munthu wozolowera thambo la Joni, lofiira ndi magetsi a m'misewu, amayamba wakhala chete.

Kenaka nsima. Ndikuuzeni, palibe hotela ya ku Sandton imene ingaphike nsima yokoma ngati ya pamoto wa nkhuni pa Chambe, ndiwo zake usipa wothira tomato mmodzi. Chimakometsa ndi njala, inde, komanso ndi kudyera pamodzi. Pamoto paja gaidi, potala, mlonda ndi mlendo amafanana. Nkhani zimatuluka: za nyalugwe amene agogo ake a wina anakumana naye, za mzungu amene analira pa Sapitwa, za mitengo ya fetereza. Musanagone, tengani buku la alendo limene limakhala m'kanyumbamo, muliwerenge ndi tochi. Mupezamo zolemba za m'Chingerezi, m'Chijeremani, m'Chidatchi. Za m'Chichewa mudzachita kuzifunafuna. Ine ndinalembamo mizere itatu m'chinenero chathu, mwadala.

Za kudya, nyamulani zouma ndi zopepuka: ufa, mpunga, usipa kapena bonya, nyama ya soya, mtedza wokazinga, chiponde, masamba a tiyi, shuga, mchere, kabotolo ka mafuta, machesi okulunga m'pepala la pulasitiki. Pamwamba palibe golosale. Mamembala a kalabu ija amakhala ndi mwayi wotsegula kachipinda kosungiramo mapoto, matiresi ndi mabulangete, koma ngati simuli membala musadalire zimenezo. Funsani ku Likhubula zimene mukapeze, ndipo poto ndi chofunda chanu zikhale m'chikwama. Chakudya musachisiye pakhonde osachiyang'anira. Akhwangwala a m'phirimo, aja a khosi loyera, ndi akuba oposa a ku Park Station.

(KANYIMBO)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tili pamwamba pa phiri la Mulanje, ndipo kwacha tsiku lachiwiri.

Kuchoka pa Chambe kupita pa Chisepo ndi ulendo wa theka la tsiku. Njira imadutsa pa kamsana kopyapyala kamene azungu anakatcha Knife Edge, kutanthauza kukamwa kwa mpeni, chifukwa uku ndi uku kuli chigwa. Musaope, njira yake ndi yopondeka, koma si malo ojambulirapo zithunzi mukuyenda. Mukachita mwayi muona chinkhoma chitaima pamwala, kapena mbira zikuothera dzuwa. M'timankhalango ta m'makwawa muli tiabilimankhwe tating'ono ngati chala, timene sitipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Chimene simudzachiona kawirikawiri ndi mkungudza waukulu, ndipo pamenepa mtima umawawa. Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984. Mwachilengedwe umamera pa phiri lokhali basi. Thabwa lake silifumbwa, chiswe sichilidya, ndipo limanunkhira zaka ndi zaka. N'chifukwa chake anthu anaukonda mpaka kuutha. Macheka ndi moto wolusa zinaugwetsa, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Mukuyenda mudzaona zitsa zotuwa ndi maenje a ocheka matabwa. Mudzaonanso timitengo tating'ono tobzalidwa m'mizere, ntchito ya a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira amene amafesa mbande. Tiyeni tinene chilungamo: amene amadula mkungudza si chifukwa chodana ndi mtengo, ndi njala, ndipo amene amalemera nawo si amene amausenza pamutu. Koma inu mlendo muli ndi mbali yanu. Wina akakutsatsani kabokosi konunkhira ka mkungudza, dziwani kumene thabwalo lachokera. Ndipo chitsa cha ndudu musachitaye m'udzu, makamaka mu September ndi October.

Chisepo ndi kanyumba ka m'tsinde mwa Sapitwa. Amene akufuna kukafika pansonga amagona pamenepa, n'kulawira m'bandakucha, katundu wolemera atamusiya. Dzina la nsongayi likunena lokha: sapitwa, kumene anthu sapitako. Makolo athu a Chimang'anja, Chilomwe ndi Chiyao ankati kumeneko n'kwa mizimu. Tonse tinakula tikumva kuti ukapeza chakudya chokonzakonza m'phirimo, nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, udye wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, usatengeko. Ena mwa inu mukuseka, ena mukugwedeza mutu kuvomereza. Ine sindiweruza. Chimene ndinaona n'chakuti magaidi amene amakhulupirira za mizimu ndi amene sakhulupirira, onse amachita chimodzimodzi akafika kumeneko: amatsitsa mawu, amayang'ana mitambo, ndipo akati tibwerere sanyengerera.

Njira ya ku Sapitwa si njira kwenikweni. Ndi matanthwe otsetsereka amene mumakwera ndi manja ndi miyendo, kenaka miyala ikuluikulu ngati nyumba imene mumadutsa chokwawa pansi pake kapena kudzipanikiza pakati pake. Kupita ndi kubwera kumadya tsiku lonse. Kukakhala kowala, pamwamba mumaona minda ya tiyi ngati mphasa yobiriwira, nyanja ya Chilwa, phiri la Zomba ndi mapiri a ku Mozambique. Kukakhala nkhungu simuona ngakhale mnzanu amene ali mapazi khumi patsogolo.

Nkhungu imeneyi ndiyo imapha. Kwathu timaitcha chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mphepo yonyowa ya ku nyanja ya mchere imadzera. Imabwera nthawi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August, ndipo ikhoza kukuta phiri masiku angapo. Kumbukiraninso kuti mukakwera mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Munthu akanyowa, mphepo n'kumamuomba, thupi limataya kutentha msanga kuposa mmene limakupangira. Amayamba kunjenjemera, kenaka kulankhula zosamveka ngati woledzera, kenaka kufuna kugona. Mukaona mnzanu watero, musamupatse kachasu. Muvuleni zonyowa, mumufunditse zouma, mumubise ku mphepo, mumumwetse tiyi wotentha wa shuga ngati akutha kumeza.

Izi si zongoopseza. Mu July 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya gaidi wake m'munsi n'kupitirira yekha ku Sapitwa atavala zopepuka. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha masabata oposa awiri. Mnzake wina anadzapanga filimu ya ulendo wakewo mu 2017. Kale kwambiri, mu 1949, mkulu wa zankhalango Fred France anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje wodzaza cha ku chigwa cha Ruo, ali paulendo ndi mlembi wa kuno ku South Africa, Laurens van der Post, amene anadzalemba za ngoziyo m'buku lake la Venture to the Interior. Kanyumba ka France's Cottage kaja kali ndi dzina la malemuwo. Onani kuti mmodzi anali mlendo, winayo anali munthu wogwira ntchito m'phiri momwemo. Choncho gaidi musamusiye, ndipo mtsinje ukadzaza khalani pansi mudikire. Mitsinje ya pamwamba imadzaza msanga, imaphweranso msanga.

Ndipo tamverani ichi: palibe lamulo lakuti aliyense afike pa Sapitwa. Mukhoza kuyenda masiku anayi, kugona tinyumba titatu, osaponda nsonga iliyonse, n'kubwerako mutakhuta.

(KANYIMBO)

Masiku otsalawo ndiwafulumiza. Kuchoka pa Chisepo mumapita ku Thuchila, kumene khonde lake limayang'ana chigwa cha Phalombe, ndipo dzuwa likamalowa simufuna kulowa m'nyumba. Kuchoka apo mumadutsa zitunda ndi madambo kukafika ku Chinzama, kenaka Sombani pansi pa nsonga ya Namasile, n'kutsikira ku Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pamene atsamunda anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Wa masiku ochepa akhoza kutsikira pa Thuchila pomwepo, kapena kuzungulira Chambe ndi Lichenya n'kubwerera ku Likhubula. Kutsika musakupeputse. Kukwera kumathetsa mpweya, koma kutsika kumadya mawondo, ndipo ambiri amaterereka tsiku lomaliza maganizo ali kale kunyumba. Ndodo imathandiza.

Tsopano za mapotala, ndipo apa ndilankhula ndi inu makamaka, abale anga a kuno ku Joni. Inu mukudziwa kupweteka kwa kugwira ntchito tsiku lonse bwana n'kumakunyenyanyenya malipiro. Musakachite zomwezo kwa mwana wa eni ake ku Likhubula chifukwa choti mwabwera ndi marandi. Mtengo mugwirizane musananyamuke, pamaso pa a ku ofesi. Katundu wa munthu mmodzi asapitirire makilogalamu 18. Akachuluka, lembani wachiwiri. Funsani ngati ali ndi chofunda ndi chakudya chokwanira masiku onsewo. Mlonda wa pa kanyumba naye musamusiye chimanjamanja. Anthu amenewa ndi akatswiri. Chaka ndi chaka, cha mu July, kumakhala mpikisano wa Porters Race, wothamanga makilomita opitirira 20 kuchokera pa Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso. Mtunda umene inu ndi ine timauyenda masiku awiri kapena atatu, opambana amaumaliza m'maola osakwana atatu.

Vuto lalikulu kwa ife ndi nthawi. Ambiri timapita kumudzi mu December, mabwana akatseka, mabasi atadzaza mpaka pa Beitbridge ndi pa Mwanza. Koma December mpaka March ndi dzinja, nthawi imene miyala imaterera ngati sopo ndipo mitsinje imalusa. A ku Phalombe sanaiwale napolo wa mu March 1991, ndipo tonse tikukumbuka zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023. Nthawi yabwino ndi kuyambira kumapeto kwa April, mvula itasiya phiri lili lobiriwira, mpaka cha mu October. June ndi July kumawala bwino koma usiku kumagwa chisanu, madzi a m'ndowa mpaka kuchita kakhungu pamwamba. August ndi September ndiye pakatikati. Kuno kuli tchuthi pa 9 August ndi pa 24 September; wochenjera amalumikiza masiku ake opuma ndi limodzi mwa masiku amenewa.

Pali mwayi umodzi umene tili nawo osaudziwa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja ya mchere. Ndiye kuti inu amene mumagona ku Bedfordview, ku Edenvale kapena ku Primrose, mapapo anu anazolowera kale mpweya wofanana ndi wa pafupi ndi madambo a pamwamba pa Mulanje. Chotsala ndi miyendo. Lamlungu mukaweruka ku tchalitchi, tenganani anthu anayi kapena asanu mukakwere kaphiri ka pa Gillooly's Farm, kapena mukayende ku Klipriviersberg kumwera kwa mzinda. Ndati tenganani, musapite nokha, Joni mukumudziwa. Okhala m'nyumba zosanja, siyani chikepe, kwerani masitepe chikwama chili kumsana, mutaikamo mabotolo a madzi. Miyezi iwiri yotero ikwanira.

Wina anena kuti, kumudzi chaka chino sindipita, mapepala sanatuluke kapena ndalama yavuta. Maulendo otere aliponso konkuno. Msewu wa N3 umene umadutsa pakhomo pathu pano ukakufikitsani ku Howick, mumapatukira ku Underberg, kumapiri a Drakensberg. Kumeneko kuli njira yotchedwa Giant's Cup, ya masiku asanu, makilomita pafupifupi 60, yoyambira m'tsinde mwa Sani Pass n'kukathera ku Bushman's Nek. Tinyumba take ndi Pholela, Mzimkhulwana, Winterhoek, Swiman ndi Bushman's Nek, ndipo amayang'anira ndi a Ezemvelo KZN Wildlife. Ku Mpumalanga, pakati pa Sabie ndi Graskop, kuli njira ya Fanie Botha. Kugombe la kumwera kuli Otter Trail, imene anthu amalembetsa malo kudakali miyezi yambiri chifukwa amalola anthu 12 okha patsiku. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno mumalipiriratu, ndipo kawirikawiri mumasenza nokha katundu yense ndi kudziphikira nokha. Mlonda wokusonkherani moto n'kukufunsani za kumudzi simumupeza. M'nyengo yotentha ya kuno samalani ndi ziphaliwali za masana. Nyamukani m'mawa kuti mvula ikamagunda mukhale mutafika.

Ena mwa inu ndikukumvani. Mukuti, ife tinakulira kukwera mapiri pofuna nkhuni ndi bowa, lero tizikalipira ndalama kuti titope? Zimenezo n'za azungu. Funsolo ndi lomveka, ndipo inenso ndinkatero. Koma taganizani ndalama zimene timamwaza pa masabata awiri a tchuthi: mowa wa pa Chitakale, mafuta a galimoto yobwereka yoti anthu atione. Gawo lochepa chabe la ndalama imeneyo likhoza kukweza inu, akazi anu ndi ana anu awiri masiku atatu, ndipo ndalamayo ikathera m'manja mwa gaidi wa ku Likhubula, mlonda wa ku Thuchila ndi mayi wogulitsa tomato pamsika. Ana athu obadwira kuno amadziwa Table Mountain ya pa chithunzi cha m'buku la kusukulu. Akafunsidwa za kwawo amangoti kuli nyanja ndi chambo. Mwana wa zaka 12 wolimba bwino akhoza kufika pa Chambe, ndipo amayi musadzichotsere; pa Porters Race paja akazi amathamanga nawo.

Mnzanga wa ku Phalombe uja wayamba kale kukwera kaphiri ka pa Gillooly's Lamlungu lililonse, ndipo wapempha tchuthi cha mu August. Akuti akufuna akajambulitse pakhonde lomwe lija, chithunzicho adzachipachike m'chipinda chake.

(KANYIMBO KOTSEKERA KAYAMBE PANSIPANSI)

Nthawi yathu yathera pamenepa. Inu amene mukukonza ulendo, lankhulani ndi abwana anu mwezi uno za masiku opuma, yambani kuyendera nsapato zanu, ndipo mukafika pa Likhubula musadutse ofesi osalembetsa dzina. Mukakafika pa kanyumba koyamba, pemphani buku la alendo lija, mulembemo m'Chichewa.

(KANYIMBO KAKWERE MPAKA KUMAPETO)